Mkamwini Wathu Esau ndi Swichi Yofiira

Kwa alamu anga a Maliro,
ku Mitundu.

Alamu, landirani moni wa papepala, poti pa foni inu mumangokuwa ngati mukuitana ng'ombe kudambo, zomwe ndikunena osazimva. Mwadzuka bwanji kumeneko? Bondo lija likukulolani kufika kumunda, kapena mwapezerapo danga lokhala pakhonde n'kumaloza ana ndi ndodo? Mvula yayamba motani? Fodya mwawokera?

Ine kuno ku Sikotilandi ndili moyo, koma kuzizira kwake musafunse. Ndikumavala majekete atatu, moti mutandiona mungati ndanenepa pomwe ndine yemwe uja. Dzuwa la kuno ndi laulesi, limalowa ntchito mochedwa n'kuweruka anthu asanatsuke mbale zamasana. Mwana wanu Tiyamike ali bwino, akugwirabe ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Khanda lija, Yankho, ndaliona ndi maso angawa. Mphuno ndi ya malemu mkazi wanga, mlongo wanu Maria, koma njala ndi yanu.

Kalatayi ndapatsira mayi wina wa kutchalitchi amene akubwera ku Lilongwe. Sindinafune kutumiza mawu pa foni, chifukwa mlongo wanu Eneless akangowalandira, pofika madzulo amakhala atamveka mpaka ku Diamphwe.

Mukukumbukira zomwe munandinong'oneza pa siteji mukundiperekeza. Munati popita kukaona mdzukulu nditsegulenso maso pa mkamwini wathu Esau. Munati inu eni mbumba mwatopa: munthu anatenga mwana wanu n'kupita naye kutsidya la nyanja, pamudzi sanaumbe ndi njerwa imodzi yomwe, khasu la apongozi sanaligwirepo, ndipo Eneless anamva kuti amangokhala m'nyumba kuonera kanema mkazi akusamba thukuta. Munati Khirisimasi ikadutsa muitana ankhoswe a kwawo ku Nathenje, mlandu ukambidwe, ndipo malo aja Maria anasiyira Tiyamike kuseri kwa dimba muwapereke kwa mwamuna wa mwana wa Eneless. Munati mukungodikira mawu anga. Ndiye nawa mawuwo. Khalani pansi, bondolo mulitambasule.

Zoti ankakhala m'nyumba n'zoona, koma sankaonera kanema. Mapepala ake a zamagetsi a kwathu kuno anawakana, ndiye anayambanso sukulu ngati mwana, masana akulera khanda uku akuwerenga. Atakhoza, bwana wina wa kampani yaing'ono anamutenga mongomuyesa. Bwanayo ndi wamfupi, wofiira pakhosi, ine ndinamutcha Nkhukundembo. Iyeyu analonjeza kuti Esau akalumikiza yekha makina amodzi, n'kuyaka bwino pamaso pa munthu wochokera kumene amawapanga, amulemba ntchito yokhazikika.

Makinawo ndi ofunditsa nyumba, ndipo kufundako amakutunga pansi pa nthaka. Ndikudziwa mwayamba kale kuseka kuti Davide wayamba bodza lake. Taimani kaye. Kodi m'mwezi wa Juni, m'mawa chisanu chikuluma, madzi a pachitsime chathu chakuya chija sakhala ofunda? Nthaka imasunga kutentha, alamu, anthu a kuno anangoiona n'kuyamba kuibera. Amakumba migula m'munda, yoti munthu akalowamo imamufika m'chifuwa, n'kuyalamo mapaipi akuda aatali odzaza madzi osakaniza ndi mankhwala oletsa kuundana, kenako n'kukwirira. Madziwo amazungulira pansipo n'kubwera nako kakufunda kochepa. M'nyumba mumakhala chibokosi chonga filiji ya mu golosale. Mwagwirapo kumbuyo kwa filiji, mukudziwa mmene kumatenthera. Basi chibokosichi n'chimodzimodzi, koma chinatembenuzidwa: kuzizira chimabweza kumunda, kutentha chimatumiza m'mapaipi a pansi pa simenti ndi m'thanki ya madzi osamba.

Ine monga kazitape wanu ndinauza Esau kuti ndikufuna kukaona kumene amapita m'mawa uliwonse. Ndinaona nkhope yake ikusintha, koma anangoti chabwino bambo. Pambuyo pake m'pamene ndinadziwa kuti Nkhukundembo amaletsa kutengera munthu wapadera kuntchito. Nanga mkamwini angawakanire bwanji apongozi? Anandikweza m'galimoto ya ntchito ngati thumba la chinyengo.

Nyumbayo ili kumudzi, kumene nkhosa n'zambiri kuposa anthu. Mwini wake ndi mayi wamasiye, wamkulu kuposa ine ndi inu. Chofunditsira chake chakale cha mafuta anali atachichotsa kale, ndiye ankangokhala m'khitchini atavala chijasi ndi chipewa, kambaula kamagetsi kali pamapazi. Anatilandira bwino. Chizungu changa cha ku okushoni ya fodya chija kuno sichigwira, alamu, anthu ake amalankhula ngati ali ndi mbatata yamoto m'kamwa. Koma tiyi alibe chilankhulo. Iwo ankanena zawo, ine zanga, tonse n'kumaseka pamene tinaganiza kuti m'poyenera.

Ndinamuona Esau akugwira ntchito, ndipo ndikuuzeni zomwe ndinaona. Okumba anali atapita kale, za mawaya zonse zinali zake. Anayamba wazimitsa magetsi a nyumba pa bokosi lalikulu n'kukhomapo kaloko, kiyi n'kuika m'thumba. Anakoka waya wonenepa ngati chala changa kuchokera pabokosipo mpaka kukachipinda ka kuseri kumene kuli makina. Pambali pa makinawo anakhoma swichi yaikulu yofiira, yochita kupotokola. Waya wa mizere yobiriwira ndi yachikasu anati ndi wothawitsira magetsi pansi zinthu zikalakwika, kuti asagwire munthu. Kenako timawaya tating'ono tambirimbiri. Kena kanapita panja pa khoma losawomba dzuwa, kuti makina azimva mmene kwazizirira, kena kanalowa m'thanki kumva madzi. Akamanga waya aliyense ankamukoka, monga mmene timakokera chingwe cha mbuzi tisanachoke. Asanalole magetsi kudutsa anayesa paliponse ndi kamita kake, mwina kawiri. Mapaipi nawo anachita kuwatulutsa mpweya, akutsegula apa, kutseka apo, mpaka ataleka kulira. Ndinamufunsa ngati akugeyetsa mwana, anaseka atatembenukira kukhoma.

Ulemu wake ndiye unandichititsa manyazi. Nthawi ya chakudya ikakwana ankandisiya m'khitchini mofunda, iye n'kukadyera buledi wake kuseri kwa galimoto, mphepo ikumukwapula. Mayi aja anandifunsa ndi manja ngati tinayambana. Ndinayesa kuwafotokozera kuti kwathu mkamwini satafuna apongozi akumuona, koma ndikukhulupirira anamva zoti mnyamatayo alibe mano.

Tsiku lomaliza kulumikiza, Esau anapotokola swichi yofiira ija, kanyali kobiriwira n'kuyaka pa makinawo, koma sanawalize. Analongedza zida, tinatsanzika. Tili pagalimoto ndinakumbukira kuti ndaiwala chipewa m'kachipinda kaja. Ndinabwerera ndekha. Nditalowa ndinaona kanyali kakuyaka, m'chipinda mulibe munthu, makina sakugwira ntchito. Alamu, inuyo mukanatani? Ife amene tinakula tikuzima koloboyi ndi chala kuti parafini afike mawa? Ife amene timazula wailesi pakhoma tisanapite kutchalitchi kuopa kuti magetsi akabwera mwamphamvu aiwotcha? Ndinati mnyamatayu watopa waiwala, mayi wamasiyeyu asaonongekerwe magetsi. Ndinaipotokola swichiyo, kanyali kanazima, ndinavala chipewa changa n'kutuluka ndikudziyamikira mumtima. Sindinamuuze, ndinati ndisamuchititse manyazi.

M'mawa mwake linali tsiku loyatsa. Ndinakakamiranso kupita. Mayi aja anati palibe vuto, ndikhala mlendo wawo wa tiyi, bwana sangaletse munthu kuchereza mnzake m'nyumba mwake. Tinafika ena asanafike. Ndinakhala pampando wa m'khitchini, chitseko chopita kukachipinda kaja chili chotsegula, ndikuona zonse. Esau analowa akuimba kanyimbo. Kanyimboko kanadukira pakati. Anaima. Anatsegula chivindikiro cha makina n'kupisa dzanja m'kati, nthawi yaitali ndithu. Kenako anacheuka, anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kugwetsa maso. Ine ndinamukwezera kapu ya tiyi, ndikuti akundithokoza.

Posakhalitsa anafika Nkhukundembo pamodzi ndi mkulu wina wamtali wochokera kumene amapanga makinawo, amene anayenda ulendo wautali kudzaonerera. Esau sanadikire kufunsidwa. Anawalozera swichi n'kulankhula motsitsa. Khosi la bwana linafiira kuposa kale. Anatembenukira kwa mayi aja ngati akufunsa kuti kodi ndinu mwagwiragwira. Esau anakana msanga, akudziloza pachifuwa. Zimenezo ndinazimva ngakhale m'chizungu cha mbatata: ankati ndi iye. Wamtali uja anayang'ana mawaya onse, anayesa apa ndi apo, akugwedeza mutu ngati wokhutira, koma makina sanawalize. Anatseka chikwama chake n'kumapita. Nkhukundembo anamutengera Esau panja. Mawu sindinawamve, ndinangoona pawindo chala chikuvina pamphuno pa mwana wa eni, iye ataima manja kumbuyo.

Tinakwera galimoto kubwerera kunyumba. Ndinafunsa kuti kwagwanji. Anayamba ndi kundiuza kuti mvula ya kuno sichedwa kubwera. Nditaumirira anafotokoza, maso ali pamsewu. Akuti m'kati mwa makinawo muli mtima wake umene umapopa, ndipo mtimawo uli ndi mafuta. Makina atsopano asanalizidwe koyamba, buku lake limalamula kuti agone ndi magetsi kuti kachofunditsira kena kafunditse mafutawo pang'onopang'ono. Ukawadzidzimutsa ali ozizira, mtimawo ukhoza kuonongeka, mwina osati tsiku lomwelo, koma patsogolo. Ndinafunsa kuti nanga swichiyo inazima bwanji. Anati mwina iyeyo sanaipotokole mpaka kumapeto, bambo, maswichi a masiku ano ndi ovuta.

Alamu, mukundidziwa, ndinasekapo ngakhale pa maliro a amalume anga. Koma m'galimoto muja sindinaseke. Taganizani. Tinafika anthu aja asanabwere. Akanatha kuipotokola mwakachetechete swichiyo, kanyali n'kuyaka, makina n'kulira, bwana n'kumugwira chanza. Akanadzaonongeka chaka chamawa ndani akanadziwa? Sanatero, chifukwa ankaganiza za mayi wamasiye uja. Akanathanso kungoloza m'khitchini n'kunena kuti wazimitsa ndi mdala uyo akumwa tiyiyo. Sanateronso.

Titafika ndinamuuza kuti mawa andiperekeze kwa Nkhukundembo ndikaulule ndekha, chizungu chothyokathyoka chomwechi. Anagwada pakati pa balaza n'kuwomba m'manja. Anati chonde bambo musatero. Akuti dzina la apongozi silitchulidwa pa mlandu pamaso pa alendo iye ali moyo, amayi ake ku Nathenje atamva sangamulandirenso pakhomo. Anawonjeza kuti cholakwa n'chake ndithu, chifukwa sanandiuze ndiponso sanamatepo chizindikiro choletsa kuzimitsa. Ndipo akuti ndikakaulula tsopano, bwana adziwa ziwiri nthawi imodzi, zoti ananama ndi zoti ankanditengera kuntchito, ndiye ntchito ithera pomwepo. Ndinaona kuti wanditseka pakamwa, ine Davide, amene ngakhale abusa analephera. Ndinalonjeza kuti bwana sindimuuza.

Tiyamike atabwera kuntchito n'kumva kuti makina sanayake, anamukalipira. Anati iye amatukula nkhalamba tsiku lonse mpaka msana kuuma, mwamuna n'kumalephera kupotokola kaswichi kamodzi. Anati a kumudzi aja mwina amanena zoona. Esau anangoti pepani mayi a Yankho, n'kutenga mwana kukamusambitsa. Pamenepo sindinapirire. Lonjezo langa linali lokhudza bwana, osati mwana wanga. Ndinamuitanira pambali n'kumuuza zonse. Poyamba anaseka mpaka kukhala pansi, akuti ndiye chifukwa chake nyama ya mu filiji yawo inasungunuka sabata yomwe ndinafika. Kenako kusekako kunasanduka kulira. Anapita kubafa kuja, ine ndinatuluka panja kukayang'ana mitambo. Lero m'nyumba muno swichi iliyonse Tiyamike anaimata tepi, ndipo akamapita kuntchito amandiuza kuti manja ndiziwasunga m'thumba.

Mayi aja anakhalanso sabata ina m'chijasi chifukwa cha ine, poti wamtali uja anali ndi kwina kopita. Pa tsiku lachiwiri loyatsa iwo eni ndi amene anandiitanitsa. Ndinapita, ndipo ndinakhalira manja anga pampando. Dzulo lake Esau anali atayatsa swichi n'kuimangira chikwangwani chachikulu ngati cha sitolo. Wamtali anapisa dzanja, anagwedeza mutu. Esau anayamba ndi kuzungulitsa madzi a kumunda okha, akumvetsera mapaipi ngati namwino. Kenako anadina batani loyambitsira makina. Ine ndinkayembekezera phokoso la chigayo, koma makinawo anangong'ung'udza pansipansi ngati mphaka wokhuta. Awiriwo anaima akuyang'ana manambala, paipi yochokera kumunda, paipi yobwerera, madzi opita m'nyumba. Ine ndinkayang'ana khosi la Nkhukundembo, ndilo linali mita yanga, ndipo silinafiire.

Kufunda kwake sikubwera mothamanga ngati kwa mbaula. Tinabwerera mawa lake kukaona, tinapeza mayi aja avula chijasi, ali pabalaza pamene anali asanakhalepo chiyambire chisanu. Anandiuza ndi manja kuti ndivule nsapato. Alamu, simenti inali yofunda ngati mwala wa kumtsinje masana! Ndinayenda chipinda ndi chipinda, sokosi zanga zobooka zili poyera, osasamala. Mayiwo anamugwira Esau masaya ndi manja onse awiri ngati mwana wawo. Iye anasowa kothawira, poti apongozi tinali pomwepo.

Za ntchito sindikunamizani kuti zatheka. Nkhukundembo wanena kuti makinawo ali bwino, koma munthu woiwala swichi sangamulembe msanga, aonenso pa nyumba ina chisanu chikatha. Ndiye Esau akadali woyesedwa, ndipo akuyenda ndi dzina la woiwala lomwe si lake. Sanandisinthire nkhope ngakhale tsiku limodzi. M'mawa amandiikirabe madzi osamba, buledi amakadyerabe kumene sindikumuona.

Ndiye kuno pakamwa panga m'potseka, koma kumudzi sanandiletse. Ine ndi mkamwini ngati iye, alamu, ndakalambira pamudzi panupo. Mukudziwa mmene ndinkazembera khasu la malemu apongozi, mpaka inu munkandipeza ndili mtulo mumzere. Komabe munandisunga. Uyu sanaumbe njerwa, n'zoona, koma munthu sumuyesa ndi njerwa zokha. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Mnyamatayu mlomo wake anaumeza kuti mdala wopusa asanyozeke kudziko la eni.

Pempho langa ndi limodzi. Ankhoswe aja musawaitane, ndipo malo a kuseri kwa dimba akhale momwe Maria anawasiyira. M'malo mwake inuyo mwini mbumba mukwere minibasi mupite ku Nathenje kwa amayi ake a Esau, amene ndamva kuti mphekesera za mlanduwu zawalanda tulo. Mutenge tambala wanga wamawanga, wamkulu uja, osati kamsoti kodwala kaja mukuganizako. Mukawauze zonse ndalemba muno, musabise dzina langa. Akakufunsani kuti zinayamba liti zoti apongozi azipereka nkhuku kwa mkamwini, muwayankhe kuti zayambira kwa Davide. Eneless mupite naye, anyamule tambalayo ndi iyeyo, ndipo nkhani iyi yokha ndamulola aifalitse mmene angathere.

Mupereke moni kwa alamu anga akazi akunyumba kwanu, kwa Eneless ndi ana ake, kwa adzukulu onse, ndi kwa anzanga a pa bawo, muwauze kuti mpando wanga asaugawane ndikadali moyo. Tiyamike akupereka moni kwa amalume ake. Esau naye wati ndikuperekereni ulemu wake. Sakudziwa zomwe ndalemba, akuganiza kuti ndikukufunsani za fetereza.

Mundiyankhe mukabwerako ku Nathenje, osati musanapite.

Ndine mlamu wanu wosamva,
Davide Chimkwende